Foda ya Maliro ndi Ketulo ya Amayi Osesa

Pakoleji pomwe ndinkagwira ntchito ku Domasi tinali ndi maseva atatu, makompyuta akuluakulu okhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa laibulale. Atatuwo ankasungira limodzi mafayilo a ogwira ntchito onse. Ukaika chinthu pa seva imodzi, enawo ankakopera nthawi yomweyo. Ukafufuta, nawonso ankafufuta. Ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti malo asadzaze, ndipo kunena zoona ndinkadzimva. Makiyi ndinkawamangirira m'chiuno kuti aliyense azimva ndikamadutsa.

Koma abale, anthu athu! Malo osungira mayeso ndi manotsi iwo ankadzazamo mafilimu, mpira, nyimbo za kwaya, zinkhoswe za alamu awo. Teremu iliyonse ndinkafufuta zonsezo mopanda chisoni.

Foda imodzi yokha ndi yomwe ndinkailambalala. Inali ya amayi ena a kwa Malemia omwe ankasesa m'maofesi mwathu. Amuna awo atamwalira, iwo anali atagonekedwa m'chipatala ku Zomba, moti maliro sanawaone. Mwana wa achemwali awo anajambula mwambo wonse pafoni, amayiwo n'kundibweretsera. "Achimwene, mundisungire. Mtima ukadzakhala pansi ndidzaonera." Ndinakopera, fodayo n'kuilemba kuti maliro. Sipanapite nthawi foni ija inabedwa m'minibasi pa Songani, kanemayo n'kutsala kwa ine kokha.

Amayi omwewo ndinkalimbana nawo pa nkhani ya ketulo. Magetsi akazima, kachipinda ka maseva kokha ndi komwe kankatsala ndi moto wa mabatire, ndiye iwo, poti kiyi wosesera anali naye, ankazula pulagi yapafupi ndi chitseko n'kuphitsirapo tiyi. Ndinawakalipira kangapo, mpaka ndinamata chikalata pachitseko. Iwo ankangoti, "Pepani achimwene," mawa lake chimodzimodzi.

Tsono aphunzitsi anazindikira kuti foda yolembedwa maliro ine sindiikhudza. Ndani angafufute maliro a mnzake? Pofika chaka chotsatira, pakoleji pathu anthu anali ataferedwa zoopsa! Aphunzitsi ena a masamu anaika agogo awo m'manda kasanu. Nditatsegula imodzi mwa mafodawo ndinapeza agogowo akumenya penate. Kwinaku kunali "maliro a malume, gawo lachiwiri."

Lachitatu lina m'mawa, magetsi atazima n'kuyakanso, malo anatheratu. A ku ofesi ya mayeso analephera kusunga malikisi a ophunzira, ndipo bwana wawo anandiimbira ali lilime panja ndi ukali. Mutu unanditentha. Ndili muofesi mwanga, ndinalemba lamulo la mzere umodzi palaputopu: chilichonse chotchedwa maliro chichoke. Ndinadina.

Eee, malo anatseguka ngati bwalo la mpira! Ndinavina ndekha muofesimo. Ndinagula mandasi atatu kwa amayi apageti, n'kuyamba kuyenda m'khonde ndikupepesa aliyense. Nditakumana ndi a masamu aja ndinagwira m'manja mwaulemu, maondo n'kupinda pang'ono. "Pepanitu ndi zovuta. Agogo aja apita ulendo womaliza tsopano." Anandiyang'ana, anathamangira pakompyuta yawo, ine ndikuseka mpaka misozi.

Ndikukhota pakona ya laibulale ndinakumana ndi amayi osesa aja, ketulo m'manja.

"Achimwene, bola ndakuonani. Loweruka likubwerali abambo akwathu akwanitsa zaka ziwiri chimwalirireni. Ndalimba mtima tsopano. Ndikufuna ndione."

Foda yawo ndinali nditaiiwala, ndipo dzina lomwelo la maliro ndinalilemba ndi manja anga. Ndinachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi. Ndinangoliyatsa liwiro la ku kachipinda kaja, makiyi akulira m'chiuno ngati mbuzi ya belu.

Ndinayang'ana seva yoyamba, foda mulibe. Yachiwiri, mulibe. Yachitatu inali zii, nyali zonse zozima, pulagi yake ili gone pansi.

Amayi aja anali atanditsatira. Ataona pomwe ndikuyang'ana anaika ketulo pansi. "Ayi, pepani achimwene, ndinazula m'mamawa muja ndiye ndaiwala kubwezera. Musakalipe, ndibwezere pompano." Anawerama.

"Musagwire!" Ndinakuwa mpaka alonda anamva kugeti. "Amayi, chonde, manja m'mwamba!"

Anakwezadi manja, maso ali tong'o.

Sevayo inazima ndisanadine lamulo lija, choncho inali isanamve kuti anzake afufuta. Ikanangoyaka ili yolumikizidwa, ikanatsatira anzakewo m'kanthawi kochepa. Ndinazula kaye chingwe choilumikiza ndi enawo, kenako ndinaiyatsa payokha. Inachedwa kudzuka, ine ndikuinyengerera ngati mwana wokana phala. Itadzuka ndinafufuza.

Inalipo! Agogo asanu a masamu analiponso, amalume ndi magawo awo onse, koma pakati pawo foda ya amayiwo ili phee. Ndinalumpha, ndinakuwa, ndinanyamula ketulo ija n'kuipsompsona ili yotentha, mlomo n'kupsa. Amayiwo manja anali akadali m'mwamba.

"Kodi achimwene, mwadwala?"

"Tsitsani manja amayi! Kuyambira lero tiyi muziphitsa, shuga ndizigula ine!"

Ndinawauza zonse, osabisa kupusa kwanga. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye mumati ketulo yanga ndi yoononga." Ndinakopera kanemayo pamafulashi awiri ndi palaputopu, kenako ndinatuluka kukang'amba chikalata chija pachitseko.

Nditabwerera anati sadikiranso Loweruka. Ndinawakhazika pampando wanga, ndinawatsegulira, ine n'kuima kumbuyo. Panaoneka msewu wa fumbi wopita kumanda, amayi a mvano atavala zoyera akuimba, anthu ali ndandanda mpaka kumunda wa chinangwa. Amayiwo anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, chala chikuloza mmodzimmodzi.

"Anthu onsewa anabwerera abambo akwathu?"

"Eya, amayi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ine zaka ziwiri zonsezi ndimati anapita okha."