Tsiku limene katani inakodwa

Uthenga unandipeza Lachisanu ndikupukuta mipando kwa abwana ku Mirdif, kuno kutsidya kwa nyanja kumene ndimagwira ntchito: mwana wanga wamkazi wapita kuchipatala kumudzi, nthawi yakwana. Ndinavina ndi kansanza m'manja, ee, ndinavina ine! Koma posakhalitsa ndinaleka kuvina. Mimba zake ziwiri zoyamba tinabwerako chimanjamanja.

Abwana anga ndi Ayuda. Loweruka anzawo amadzapemphera m'chipinda chachikulu, mmene muli kabati yosungiramo mipukutu ya mawu a Mulungu. Kutsogolo kwa kabatiyo kuli katani yabuluu, yolemera ngati bulangeti, ya mikango iwiri yosokedwa ndi ulusi wagolide. Ine ndimangoisasa fumbi, kutsegula ayi.

Kunacha foni ili zii. Madamu anaona maso anga ofiira, ndinawauza zonse.

"Mama, mukumuona mnyamata uyo?" anandinong'oneza alendo akulowa. "Mkazi wake watsala pang'ono kuchira. Kwathu wotere ndi amene amatsegula katani, kuti njira ya mwana itseguke."

"Ndiye ndimuitane mkamwini wanga, mlonda wa ku mafakitale a ku DIP konkuno uja? Yalla, msangamsanga, akwere takisi!" ndinatero ine.

"Habibi, wokondedwa wanga, iye si Myuda," anaseka madamu. Komabe anakalankhula ndi mnyamatayo. Iye anandiyang'ana, nakweza zala ziwiri: atsegulira ana awiri.

Ndinaima pakhomo, foni ili m'thumba la epuloni, poti pa Sabata iwo foni sagwira, ine sindikanaitulutsa pamaso pawo. Anthu anaimirira. Mnyamata anakoka chingwe, katani inayenda, inayenda, kenako gwa! Yakodwa pakati. Mayo ine! Ndinaitana Yesu wanga chamumtima, m'nyumba yopemphereramo ya eni ake. Mnyamata uja anakokanso, osatheka. Naye nkhope inasintha, thukuta kamukamu, poti wakenso ali m'njira. Mkulu wina wandevu zoyera anatambasula dzanja, nawongola kamphete kamene kanapingasa pamwamba, katani n'kutseguka yonse.

Foni sinalire pomwepo, ayi. Ndinaperekera chakudya, ndinatsuka mbale, ndinatsukanso zotsukatsuka. Dzuwa litapendeka foni inanjenjemera, ine liwiro kuseri kwa khitchini. Mawu a mchemwali wanga: "Wachira! Ndi wamkazi, akulira ngati wabadwa ndi njala!"

Nthungululu yanga inaitana anthu. Anabwera madamu, anabwera abwana kachipewa kali pamutu, mnyamata wa katani ndi mkazi wake atagwira msana, mkulu wandevu uja, wophika wathu, Mmwenye wa ku Kerala, mnzanga wa ku Chipata wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana nafe, ndipo madzulo mkamwini, yunifolomu osavula, akulira kuposa khanda lake.