Nyumba Yopanda Mpiringidzo

Pafupi ndi msika wa mumzinda wa Nangnang pamakhala bambo ena achikulire oluka nsapato za udzu, ndipo nyumba yawo ilibe mpiringidzo. Amati kale malamulo anali asanu ndi atatu okha, ndipo panalibe wotseka chitseko. Kuchokera pamene Atchaina analanda dziko lathu, malamulo apitirira makumi asanu ndi limodzi.

"Malamulo akuswana, akuba nawonso akuswana," amatero uku akupota udzu pantchafu. Ife amalonda tikawaseka, iwo amangopukusa mutu.

Tsiku lina masana, alonda anagwira msilikali wachitchaina, wowonda ngati bango, akutuluka m'nyumbamo ndi mapira m'chipewa. Chilango chake chinali kumudinda chizindikiro cha wakuba pamphumi.

"Bambo, wakuberani ameneyu?" anafunsa mlembi wa boma amene anali ndi alondawo.

Bambowo anayang'ana msilikaliyo.

"Bwana, chitseko chinali chotsegula. Kwathu kuno wolowa potsegula ndi mlendo." Kenako anamukalipira msilikaliyo: "Iwe, mlendo wanji wothawa ndi zosaphika? Takhala pansi apo udye!"

Alonda anamumasula.

Mpaka lero chitseko chija sichitsekedwa, ndipo amalonda tonse timasungitsa katundu wathu m'menemo. Asilikali anzake a mlendo uja amalondera nyumbayo okha, popanda wowatuma.