Tsekani Maso, Njovu Ili pa Mango

Choyamba kundidzidzimutsa chinali nthambi. Inathyoka kuti phwa kuseri kwa tchalitchi, komwe kuli mtengo wa mango. Mphepo kunalibe. Ndipo mwana sathyola nthambi yotero.

Linali Lamlungu lapitali, cha m'ma 10 koloko, dzuwa likuwotcha malata. Tonse tinali chiimire, manja m'mwamba, maso otseka. Ndi mmene tikuimbira masiku ano, chibwerereni M'bale Lackson ku Lusaka ndi kiyibodi yake ya batire. Ng'oma zathu anakazitsekera m'kachipinda ka matsache. Akuti Mzimu umafuna bata.

"Iwalani amene ali pambali panu," ankatero pa maikolofoni, mawu ngati a munthu wachimfine. "Muli awiriwiri, inu ndi Yesu basi."

Awiriwiri? Ine ndinabwera ndi khanda kumsana, ndi Tisa wanga wa zaka zinayi.

Ndinatsegula diso limodzi, Mulungu andikhululukire. Pa benchi pomwe ndinasiya Tisa panali nsapato imodzi yokha. Ndinasuzumira pazenera. Njovu! Yaikazi, ndi kamwana kake, ikutola mango. Cha kumbali, pa mulu wa mchenga womangira, ana asanu akusewera osadziwa kanthu, Tisa ali pakati.

Ndinatsina mnzanga amene tinaimirira limodzi. "Amake Dalitso, njovu," ndinanong'oneza.

"Ameni," anayankha, misozi ili mbwe.

Ndinatsinanso, mwamphamvu.

"Ndisiyeni amake Tisa, ndili pamaso pa Ambuye."

Dalitso wawoyo anali pamchenga pomwepo.

Ndikuwe? Wokulira kuchigwa kuno amadziwa: ukakuwa kuti njovu, ana amabalalika, wina n'kuthamangira komwe kuli njovuko. Ndipo njovu ya mwana sifunsa. Atate ake a Tisa ndi sikauti wa zanyama, koma anali kolondera m'paki.

Musandimve molakwa, nyimbo zatsopanozi sindidana nazo. Ina inandinyamula chaka chatha nditapita padera, mpaka lero ndimaiimba ndekha popita kumjigo. Koma tamverani mawu ake: ine, mtima wanga, ndigwireni dzanja langa. Tchalitchi chodzaza, aliyense ndi Yesu wakewake ngati foni ya m'thumba. Nanga timayenderanji mtunda wonsewu, kulumpha ndowe za njovu m'njira, ngati tikukakhala aliyense payekha? Si bwenzi titangotsala kunyumba, n'kutseka chitseko?

Ku Lusaka mwina ukatseka maso amangokutolera chikwama. Kuno anansi athu ali ndi minyanga.

Makolasi athu akale aja, wina amaponya, tonse n'kulandira. Kuti ulandire bwino umayang'ana mnzako pakamwa. Povina umaona amene sanabwere, amene watupa diso, ndi mwana wa yani watuluka. Ndipo kolasi ikayamba, ana amathamangira okha mkati kudzavina kutsogolo, osawaitana.

Ndi chimene ndinakumbukira.

Ndinavula patapata, n'kuyamba kumenya benchi. Ndinaponya kolasi ija yoitana ana a Mulungu kuti alowe m'bwalo.

M'bale Lackson anatsegula maso. "Mayi, sitinafike pamenepo!"

Koma amayi a kumbuyo pakamwa panawayankhira pokha. Manja anayamba kuwomba. Wina anaimba nthungululu. Pazenera ndinaona ana akudzuka pamchenga, liwiro kulunjika pakhomo, onse mbali imodzi. Tisa analowa akugwedeza chiuno, nsapato imodzi kuphazi. Ndinamugwira mpaka anati, "Amama, mukundipweteka!" Njovu inakupiza makutu, inamvetsera phokoso lathu pang'ono, kenako inakankha mwana wake kulowera kudambo.

Titaweruka, anthu anazungulira ndowe pansi pa mango, ikadali yotentha.

"Mwaona?" anatero M'bale Lackson. "Ife tili chitsekere maso, Ambuye ankatilondera."

Amake Dalitso anati anamva ngati mngelo akuwatsina. Sindinatsutse. Chipsera cha mngeloyo akadali nacho pamkono.

Ndapita kale kwa akulu a mpingo kukapempha kuti ng'oma imodzi ituluke m'matsachemo. Akuti akambirana. Pamene akukambirana, ine ndasamukira pa benchi ya pakhomo, ndipo Tisa ndizimumangirira kunsonga ya chitenje changa. Nyimbo ya awiriwiri ija ndiziimba ndithu, ndi mtima wonse, koma maso ali pa mtengo wa mango.

Inu a kiyibodi, mango akadalipo mpaka Khirisimasi. Tonse tikatseka maso, ana athu akuwaona ndani?