Msoko Wamanzere pa Khutu la Galu

Ndinaganiza zochoka tsiku limene agogo analephera kunyamula belo la kaunjika pamsika wa Limbe. Anakhala pansi n'kuseka ngati palibe chachitika, koma ine ndinaona mmene anagwirira msana. Mayi Phiri, namwino wa mumpingo mwathu amene ankakhala ku Glasgow, anali atandiuza kale kuti nyumba zosamalira okalamba zikufuna anthu. Nditawauza agogo, anangoti, "Pita, Tiyanjane. Koma kumeneko usakasiye khosi pamtunda."

Amayi anga anamwalira ndisanayambe kuyenda, ndipo bambo anali atatsogola kale. Agogo anandilera bwino, koma mwana wawoyo sankamutchula. Panalibe chithunzi chake m'nyumba, ngakhale chitenje. Ndikafunsa, ankadzuka n'kukapeza chochita panja. Ndinakula ndikulakalaka kanthu kamodzi kokha kamene amayi anga anakakhudza. Chimene ndinali nacho kuyambira ukhanda chinali chidole cha galu chochokera m'belo, ndipo pochoka ndinachisiya m'sutikesi ya agogo ku Bangwe.

Ku Easterhouse, dera lina la Glasgow, ndinkagona m'kachipinda ka kwa Mayi Phiri. M'nyengo yozizira mdima unkagwa tisanaweruke. Ana a Mayi Phiri ndikawapatsa moni ankandiyankha m'Chingerezi chothamanga chimene sindinkachimva. Panali masiku amene mawu a Chichewa otuluka pakamwa panga anali "mwadzuka bwanji" basi. Malipiro akabwera, ndinkatumiza zamalata ndi zamankhwala kuti agogo aleke zamabelo. Uthenga wawo pafoni sunkasintha: "Zafika. Ukudya koma?"

Loweruka ndikapuma ndinkakwera basi kupita ku Shawlands, kumene kuli mashopu a zinthu zakale. Sindinkagula kanthu. Ndinkangofuna fungo lake, chifukwa linali fungo la benchi la agogo. Shopu ina inali ya zidole za nyama zokhazokha: zimbalangondo, anyani, njovu, zina zakale kuposa agogo. Mwini wake, mayi wachikulire dzina lake Morag, anandipeza ndikununkhiza chimbalangondo, kwinaku ndikuyendetsa chala m'misoko monga agogo ankachitira ndi majekete.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?" anafunsa.

"Agogo anga."

"Agogo akowo akufuna ntchito? Ngati ali kutali, ubwere iweyo Loweruka."

Tsiku loyamba ndinaona nyani wakuda ndi litsiro, ndipo ndinapempha beseni ndi sopo kuti ndimuchape, ndikamuyanike padzuwa. Kwathu chidole chakuda sichigulitsidwa. Mayi Morag anandilanda nyaniyo ngati ndanyamula khanda ndi mwendo. "Ameneyu madzi samukhudza! Ndipo dzuwa lakelo ulipeza kuti, mwanawe, kuno ku Glasgow?"

Anandiphunzitsa pang'onopang'ono. Diso umaligunditsa padzino: likazizira ndi lagalasi, ndiye kuti chidolecho ndi chakale. Mimba umaifinya pafupi ndi khutu lako: utuchi umalira, siponji salira. M'khwapa ndi kuseri kwa makutu umafufuzamo njenjete. Pamene ubweya unatha chifukwa chokumbatiridwa supabisa, umamuonetsa wogula. Koma chimene ndinachikonda koposa chinali kuwerenga misoko. Msoko wa makina ndi wina, wa munthu wokonza pakhomo ndi wina, ndipo dzanja lililonse lili ndi kayendedwe kake. Tsiku lina anandionetsa phazi la chimbalangondo. "Taona ulusi wapendekera uku. Anasoka apa anali wamanzere ngati iwe."

Patapita zaka, ogula anayamba kulowa m'shopu akufunsa za ine. Ena ankachokera ku Edinburgh atanyamula zidole za makolo awo m'matawulo kuti ndiwauze ngati diso ndi loyambirira, ngati mwendo unasinthidwa. Maso a Mayi Morag atayamba kufooka, anandipatsa makiyi, nati shopu tiziyendetsa awiri. Ndinasiya ntchito yosamalira okalamba, ndinapeza nyumba yanga, ndipo pashelefu panga panadzaza nyama zimene ndinasankha ndekha. Ine, mwana wa pabenchi la kaunjika!

Nditabwerera ku Bangwe ndinapeza malata akuwala, agogo atachepa thupi koma pakamwa pali pomwe paja. "Wanenepa m'masaya mokha," anatero. "Azunguwo amakudyetsa chiyani?"

M'mawa mwake ndikuwathandiza kuyanika zovala za m'sutikesi, galu uja anagwa pamphasa. Manja anga anayamba okha ntchito. Diso lapulasitiki, mimba yasiponji, ubweya wochapidwa mpaka kuuma. Ku Shawlands palibe akanamuyang'ana kawiri. Zigamba zapamimba ndinazizindikira msanga: misoko ikuluikulu ya ulusi wakuda, yomwe ija inali payunifomu yanga ya kupulayimale. Kenaka ndinatembenuza khutu. Misoko yake inali ing'onoing'ono, yothithikana, yopendekera mbali inayo.

"Agogo, khutu ili simunasoke inu."

"Wakuuza ndani?"

"Ulusiwu. Anasoka apa anali wamanzere."

Ndinadikira kuti adzuke akapeze chochita panja. Sanadzuke. Anatenga galuyo, namuika pamiyendo, n'kumasisita khutulo ndi chala chachikulu.

"Esinati," anatero. Aka kanali koyamba kumva dzina la amayi anga likutuluka pakamwa pawo. "Ndinalimbana nalo dzanja limenelo mpaka anaphunzira kudyera lamanja. Koma singano anakana. Khutu ili unalizula ndiwe, ndi timano tako tiwiri. Iye anali atagona kale pamphasa, mphamvu zitatha. Ndinati bweretsa ndisoke, anakana. Akuti inu amayi mumasoka ngati mukutseka thumba la chimanga."

Anaseka, misozi ikutsika, ndipo atayamba sanalekenso. Anandiuza za liwu lake, za ukali wake, za mmene ankayendera mothamanga ngati wathawa mvula. Ine ndinkamvetsera, chala changa chili pamsoko wa amayi anga. Zaka zonsezo unali m'nyumba momwemo, ndipo ndinkagona nditaugwira. Kuti ndidziwe kuuwerenga ndinachita kukafika ku Glasgow.

Dzuwa litakwera, agogo anapukuta m'maso ndi chitenje, nakoka khutu linalo, limene linali litayamba kulendewera.

"Katenge singano m'chitini muja," anatero. "Ili usoke ndiwe, kuti makutuwa afanane."