Njinga ya pa Chigafa

Mdzukulu wanga amandiwelengela nkhani za pa foni yake, za anyamata ndi atsikana opemphela amene amakondana koma akuopa kuchimwa. M'nkhanizo mayeselo amabwela pa galimoto, atadzola mafuta onunkhila. Ine ndimangoseka. Anga anabwela pa njinga yakapalasa, akununkha fodya wamuwisi. Lelo ndamuuza kuti asiye kuwelenga, alembe zanga, poti ine pensulo sindinaigwilepo.

Nthawi imeneyo ndinali wotomeledwa. Mnyamatayo, amene lelo ndi agogo aamuna a wolembayu, tinali naye kwaya imodzi ku Mphamba. Ankaimba besi, moipa ndithu, koma sankajomba. Makolo anali atagwilizana kuti ukwati udzadalitsidwe m'tchalitchi tikakolola, ndipo amayi anga anali atasoka kale velo, n'kuibisa m'sutikesi kuopa mphemvu. Koma mpingo wathu sunkaseka. Zikangomveka kuti awili otomelana anapezeka pobisika, velo aiwale, akakhale benchi yakumbuyo, ukwati akamangile m'kaofesi ka abusa popanda nthungululu. Amayi akanadwala nazo.

Kunyamulana pa njinga ankatilola, koma masana. Mtsikana azikhala cham'mbali pa kaliyala, manja agwile chishalo, osati chiuno cha mwini njinga. Amuna angawa ankakonda kugwila mabuleki mwadzidzidzi kuti ndiwagunde kumsana.

"Pepa, mchenga," ankatelo.

"Mchenga wake uti, inu? Pano mpouma ngati pabwalo la sukulu!"

Kunalinso china chimene aliyense ankachidziwa: njinga yotsamila pamalo imaulula mwini wake. Njinga za m'mudzi tinkazidziwa ngati ng'ombe. Ya awa inali ndi chishalo chomangidwa ndi mphila yofiila, wakhungu yekha ndiye akanaisokoneza.

Tsiku lina tikuchokela ku Boma, kumene telala anakandiyeza dilesi, mvula inatipeza panjila. Inali ija ya nyengo yothyola fodya, yosachenjeza. Tinathamangila m'chigafa cha munthu wina, shedi youmitsilamo fodya, njinga n'kuitsamilitsa pamzati. Masamba anali atapachikidwa mizelemizele mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Ukalowa pakati, wodutsa panjila sangakuone.

Dilesi langa linali litamatilila pathupi. Iwo anavula jekete n'kundifunditsa, koma manja awo anachedwa pamapewa. Ine sindinawachotse. Mtima unkagunda ngati munsi mumtondo, ndipo ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga. Mdzukulu wanga wasiya kulemba, akuti, "Agogo!" Lemba iwe, ukuganiza kuti ndinabadwa ndi imvi?

Kenako awa anatembenuka, n'kuyang'ana njinga ija pamzati. Anachotsa manja ngati wagwila mbaula. Anatuluka, kuitenga njingayo, n'kukaima nayo m'mbali mwa njila, poyela, mvula ikuwakhuthukila pamutu.

"Mwapenga kodi? Bwelelani kuno!"

"Ndikabwelela kumeneko sindituluka."

"Ndasanduka mkango ine?"

"Bola mkango, munthu amafuna kuuthawa."

Ndinakwiya, ndinakondwanso, zonse pamodzi. Ndinangoima pakati pa masambapo ndikununkhiza jekete.

Posakhalitsa kunatulukila amayi ena akuchokela kumunda, khasu paphewa, tsamba la nthochi pamutu. Ndinawazindikila pomwepo. Anali alangizi a atsikana a mumpingo mwathu, omwe ankatiphunzitsa za kudzisunga, mayi wamaso akuthwa amene ankatha kuona mimba mwini wake asanaidziwe.

"Monile, mama," anatelo awa, mano akugundana.

"Iwe, ukulondela njinga kuti isasungunuke?"

Analowa m'chigafa, kupatula masamba, n'kundipeza ine ndi jekete lachimuna pamapewa. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kuzala za kumapazi. Anayang'ananso panja. Ine m'maso mwanga ndinkangoona velo ija ikukalamba m'sutikesi. Anabwelela pakhomo, n'kukodola mnyamatayo. Anagwila malaya ake, kuwafinya, madzi chuu! Anayang'ana nsapato zake zitamila m'matope pamene anaima paja. Ndiye anaphulika kuseka, mpaka khasu linagwa.

"Lowa, chitsilu iwe! Tsopano tili atatu."

Anaima pakati pathu, thupi lawo ngati nkhokwe, mpaka mvula inakata. Pobwelela ine ndinayenda nawo wapansi, awa akukankha njinga kumbuyo kwathu akuyetsemula.

Nkhani inafalikila ndithu, poti mayi aja pakamwa sankatseka. Koma inafala ngati nthabwala. A kwaya ankati mvula ikayamba, "Besi, thamanga ukasambitse njinga!" Akulu a mpingo sanatiitane. Titakolola ndinavala velo ija, ndipo amayi analuluta mpaka mawu anawathela.

M'mawa mwake ine ndi awa tikupita kukaona azakhali awo, ndinakhala pa kaliyala, n'kuwakumbatila m'chiuno ndi manja onse awili, anthu akuona. Munthu uja anadzidzimuka, handulo inapotoka, tonse khu! pansi. Ulendo umenewo mchenga unalipodi.

Panopa akhala apa pakhonde akusenda nshawa, akumva zonsezi. Akuti ndikunama, iwo anangotuluka kukaona ngati tayala laphwa.