Sitima Imene a Sakala Sanaione

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 5 ku Sinda, aphunzitsi atatiuza za sitima zankhondo za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi. Mutu wanga unakana. Anthu amapuma bwanji m'menemo? Njira amaiona bwanji? Aphunzitsi anangoti tikafunse a Sakala, mkulu wokonza njinga pamsika, chifukwa sitima yotereyi inamiza chombo chimene anakwera ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Anzanga anaiwala tsiku lomwelo, koma ine ndinali kamtsikana ka mafunso ngati wapolisi. Ndikaweruka ndinkapita kwa a Sakala n'kukhala pachitini, m'fungo la girisi ndi labala, n'kumawapanikiza.

"Sindinaione, mwanawe," anatero akumata chubu. "Tinangomva kugunda, kenako madzi amchere m'kamwa."

Anayandama pathabwa mpaka asodzi anawatola, ndipo anagona miyezi m'chipatala cha Apwitikizi, osadziwika dzina. Zimenezi sizinandikwane. Tsiku lina ndinafunsa ngati kwawo anavina atabwerako. Anasiya chubu n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Uli ndi mphumi ya agogo ako aakazi. Pita ukadye."

Nditakafotokoza kunyumba, agogo anasiya kusenda nsawawa n'kundipotokola khutu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinalira ndi mkwiyo, poti cholakwa changa sindinachione.

Amayi ndiwo anandiuza tikupalira thonje. A Sakala anali amuna oyamba a agogo. Kalata itafika yoti asilikali onse amira, abale anaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, anthu anameta, ndipo patapita nthawi agogo anakwatiwanso. Nkhondo itatha, a Sakala anatulukira n'kupeza mkazi wawo atabereka mwana wa mwamuna wina. Mwanayo anali amayi anga. A Sakala mlandu sanaimbe. Anakaona manda awo, natenga khasu lawo, nachoka pamudzipo.

Manyazi anandigwira, moti ndinayamba kulambalala msika. Anamwalira ndisanawapatsenso moni, ndipo zimandiwawa mpaka pano.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndinawerenga mmene sitima zija zinkamirira ndi kuyandama. Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti funso limene kwa mwana ndi masewera, kwa wofunsidwayo likhoza kukhala chilonda. A Sakala ankadziwa bwino kuti ndine mdzukulu wa yani. Komabe ankandipukutira chitini chija ndisanakhalepo, kuti yunifolomu yanga isade.