Telala wa Matumba Opendekera

Pamsewu wonse amawatcha Mayi Matumba, ndipo eni ake akamva dzinali amaseka mpaka makina osokera kugwedezeka. Kusoka anaphunzira kwa malume awo, telala wokonda mabatani onyezimira ndi timaluwa pakolala. Kwa zaka khumi ndi ziwiri nawonso ankasoka zomwezo pakhonde la sitolo ya zitsulo: madiresi oti ukavala uzingoima ngati chidole.

Tsiku lina kunatulukira mlamu wawo, namwino wa kuchipinda cha amayi oyembekezera, nkhope ili gwaa.

"Alamu, yunifomu mwandisokera ija ndi yokongola, koma yandichititsa manyazi. Ndikangowerama kuti ndinyamule khanda, cholembera pansi, sizasi pansi, foni mpaka kunsi kwa bedi!"

Mayi Matumba anaponya kansalu pansi. "Tatolani." Namwinoyo anatola. "Tsopano pisani m'thumba osayang'ana."

Dzanja linalowera cham'mbali, mopendekera, pamalo popanda thumba n'komwe. Thumbalo linali kutsogolo, lowongoka bwinobwino, kukamwa kuli yasa ngati chidebe.

"Eee! Taonani!" anakuwa telalayo akuwomba m'manja. "Dzanjali likudziwa kale kwawo, ine ndi amene ndamanga nyumba pena!"

Pomwepo anamasula ulusi wonse. Anasoka thumba lopendekera, lakuya lobisa chikhatho chonse, kukamwa kothinirako, m'kati n'kuikamo kampata ka cholembera. Namwino uja atavala anawerama, anadumpha, anavina pakhondepo mpaka wogulitsa misomali anatuluka kudzaonerera. Palibe chinagwa.

Sabata isanathe, anamwino asanu anali atadzaza benchi. Kenako aphunzitsi ofuna poika choko, kenako mayi wina woyendetsa basi. Tepi yoyezera inayamba kudikira, chifukwa aliyense ankayamba wauzidwa kuti, "Tandionetsani kaye mmene mumagwirira ntchito." Anthu akuluakulu ankagwada, kukwera masitepe a m'maganizo, kukhotetsa chiwongolero cha mphepo, odutsa akufa ndi phwete.

Masiku ano mtima wa Mayi Matumba uli pa mabatani. Kunabwera agogo ena onjenjemera zala, amene amatha theka la ola akulimbana ndi malaya. Telalayo wayesa kale njira zinayi, zitatu zakanika. Yachinayi, ya mabatani akuluakulu ndi mabowo opingasa, agogowo anamanga okha dzulo m'mawa, kenako anamasulanso dala kuti ayambirenso.